Kasungidwe ka mapepala a ku ofesi, kuti fayilo ipezeke ngakhale inu muli ku maliro kumudzi

Ndakhala pa ntchito ya mu ofesi zaka ndithu, kuyambira ukalaliki wamba mpaka kundipatsa makiyi a kachipinda ka mafayilo, ndipo chomwe ndaona m'maofesi ambiri ang'onoang'ono, kaya ndi kabungwe, kaya sukulu ya pulaiveti, kaya kakampani ka malole awiri, n'chakuti mapepala onse amakhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Amayi aja a pa resepushoni ndi okhawo akudziwa kuti kontrakiti ya alandilodi ili mu envulopu ya khaki pansi pa marimu a mapepala, ndiye tsiku lomwe apita ku maliro kumudzi komwe netiweki mpaka ukwere pachulu, ofesi yonse yaima, bwana thukuta kamukamu, odita, wofufuza mabuku a ndalama, wakhala pampando akungoyang'ana wotchi. Zomwe ndilembe apazi cholinga chake n'chimodzi basi, kuti munthu wina wololedwa azitha kupeza pepala m'mphindi 5 inu kulibe, ndipo alipeze lili bwinobwino, losanyowa, losadyedwa.

Ine ndinaphunzira nditapsa. Pamalo ena pomwe ndinkagwira, mavocha a zaka ziwiri tinawalongedza m'makatoni a sopo n'kuwasanjikiza pakona, kutsamiritsa kukhoma, ati kuti malo apezeke. Kunja kwake katoni imaoneka yabwinobwino, yolembedwa chaka ndi maka yakuda mwaudongo. Tsiku lomwe amafunika nditati ndinyamule ya pansi, manja anga ananyamula mbali zokhazokha, pansi panatsala dothi lofiira losakanikirana ndi tizidutswa ta mapepala, chiswe chili yakaliyakali. Chinalowa pa mng'alu wa simenti womwe palibe anauonapo. Basi tiyeni tiyambe.

Choyamba, tulutsani zonse muzione ndi maso. Sankhani tsiku lomwe kulibe chipwirikiti, Lachisanu masana kapena Loweruka, valani masiki chifukwa fumbi la mapepala akale limabweretsa chimfine cha sabata yathunthu, ndipo tulutsani chilichonse, za m'madilowa, za pamwamba pa kabati, za mu galimoto ya bwana, ngakhale zija zili m'jumbo pansi pa desiki ya akauntanti. Ikani milu pa tebulo kapena pa mphasa. Mulu wa zandalama, mulu wa za antchito, mulu wa zikalata za umwini ndi mapangano, mulu wa makalata obwera ndi opita, ndi mulu wa zomwe simukuzidziwa. Pa sitepe imeneyi musataye kanthu ndipo chonde musayambe kuwerenga kalata iliyonse, mukangoyamba kuwerenga makalata a chenjezo a anthu omwe anachoka kalekale dzuwa lilowa musanachite chilichonse, ndikunena zomwe ndinachita ine.

Chachiwiri, gulu lililonse lipatseni chilembo ndi nambala. Musavutike kupanga zozama ngati za ku Capital Hill, ofesi yaing'ono magulu 5 kapena 6 akwana. Mwachitsanzo FIN zandalama, HR za antchito, ADM za ofesi monga lendi, mabilu a ESCOM ndi a madzi, galimoto, kenako pansi pake manambala, FIN/1 mavocha, FIN/2 masitetimenti a ku banki, FIN/3 za MRA, chonchobe. Pamsana pa bokosi fayilo lembani zinthu zitatu ndi maka yaikulu yooneka munthu ataima pakhomo, nambala, dzina la zomwe zili mkati, ndi nthawi yake, monga April 2023 mpaka March 2024. Ngati mumatsata chaka cha boma cha zachuma kumbukirani kuti kuyambira 2022 chimayamba pa 1 April, osati July ngati kale, ndiye mafayilo a zandalama azitsekedwa kutha kwa March. Ngati bungwe lanu limatseka mabuku mu December, tsatani zanuzo, chachikulu musasakanize.

Dzina loti "zosiyanasiyana" pa fayilo ndi loletsedwa. Fayilo imeneyo ndi dzala, chilichonse chomwe munthu wachita ulesi kuchiganizira chimakathera mmenemo ndipo sichipezekanso.

Pa mafayilo a antchito pali kamsampha. Ambiri amasanja potengera dzina la bambo, zomwe zili bwino mukakhala anthu 8, koma kuno kwathu mukangofika anthu 40 mupeza a Banda anayi, a Phiri atatu, ena mpaka dzina loyamba n'lofanana, ndipo kalata ya chenjezo ya wina ikalowa mu fayilo ya mnzake mlandu wake si wamasewera, nkhani zotere zimakathera ku khoti la milandu ya pantchito, Industrial Relations Court. Aliyense mpatseni nambala yake tsiku lomwe walembedwa ntchito, nambalayo ilembedwe pa fayilo komanso pa pepala lililonse lolowa mmenemo, ndipo munthu akachoka nambala yake musaipatsenso wina.

Chachitatu ndi mkati mwa fayilo, apa ndipomwe ndikhalitsepo pang'ono chifukwa anthu amapeputsa. Pepala latsopano lizikhala pamwamba, lakale pansi, nthawi zonse, aliyense mu ofesi adziwe zimenezo. Pepala lililonse lolowa lilembedwe nambala pakona ya kumanja kumwamba, 1, 2, 3 mpaka mmwamba, a ku registry za boma amati folio. Kanthu kakang'ono koma ndi kamene kamakuuzani kuti wina wazula pepala, mukaona 46 kenako 48 mwadziwa kale kuti pali nkhani, pomwe fayilo yopanda manambala munthu atha kuchotsamo invoisi inu osadziwa mpaka kalekale. Poboola ndi panchi pindani pepala pang'ono pakati kuti muone pakatikati pake, mabowo azifanana, osati lina kumwamba lina kumunsi mpaka m'mbali mwa mapepala kumatuluka kunja n'kumang'ambika.

Mapini ndi mastepulo amachita dzimbiri, makamaka kumalo achinyezi ngati Mulanje, Nkhata Bay kapena kunyanja konse, ndipo dzimbirilo limadya pepala n'kusiya bowo lofiirira pakona pomwe nthawi zambiri pamakhala deti. Pa mafayilo omwe akukasungidwa nthawi yaitali chotsani zitsulo, gwiritsani ntchito tizingwe tija tobiriwira ta mafayilo. Malastiki omangira ndalama musamangire mapepala, kutentha kwa October amasungunuka n'kumatirira, kenako amauma n'kuduka. Selotepi nayonso ikakalamba imasanduka yachikasu, imamatuka n'kusiya banga, ndiye pepala lofunika likang'ambika lijambuleni fotokope, lenilenilo muliike mu kapulasitiki ka mafayilo momwe lililimo.

Ndiye pali malisiti aja a msonkho otuluka pa makina a EFD m'mashopu, ndi ena onse otuluka pa kapepala koterera ngati a pa filling station, a pa ATM, a mayunitsi a magetsi. Kapepala kameneka kalibe inki, zilembo zimatuluka ndi kutentha, ndiye pakapita miyezi zimafufutika zokha, mukadzatsegula fayilo mupeza kapepala koyera mbee ngati simunagulepo kanthu. Odita sangalandire kapepala koyera, ngakhale mulumbire bwanji. Lisiti yotere ikangofika, sabata yomweyo ijambuleni fotokope, ndipo yeniyeniyo imatidwe ndi stepulo pa fotokope yakeyo, zonse zilowe kuseri kwa vocha. Musaiike padzuwa pa dashibodi ya galimoto, musaipake guluu wamadzi, ndipo musayerekeze kuichita lamineti, imatuluka yakuda bii chifukwa cha kutentha kwa makinawo.

Fayilo ikadzaza itsekeni. Bokosi fayilo ikayamba kukana kutseka kapena chitsulo chake chikamasegukira chokha, lembani pepala lomaliza kuti yatsekedwa pa deti yakuti, tsegulani ina ya nambala yomweyo mulembe volume 2. Kukakamiza kumangong'amba mabowo.

Chachinayi, kaundula. Gulani hadikava imodzi, mulembemo fayilo iliyonse, nambala yake, dzina, inatsegulidwa liti, inatsekedwa liti, ndipo ili pati, kabati iti, shelefu iti. Makabati ndi mashelefu nawonso alembeni manambala, apo ayi mawu oti "ili pati" alibe tanthauzo. Mukhoza kulembanso zomwezo mu Excel kuti kusaka kuzifulumira, koma hadikava isasowe chifukwa magetsi akathima kapena laputopu ikafa ntchito isaime. Sindikizani mndandandawo mumate mkati mwa chitseko cha kabati. Kaundula ameneyu ndi amene amachotsa mapepala m'mutu mwanu n'kuwaika poti mnzanu awaone.

Chachisanu, malo osungira. Adani a pepala ndi chiswe, madzi, chinyezi, makoswe, mphemvu, njenjete, moto ndi dzuwa, ndipo pafupifupi onsewa amayambira pansi kapena kukhoma. Ndiye lamulo loyamba, pepala lisagone pansi, ngakhale tsiku limodzi. Shelefu ya pansi penipeni ikhale masentimita osachepera 15 kuchoka pa simenti, ndipo pakati pa shelefu ndi khoma pakhale mpata woti dzanja lilowe, kuti mphepo izidutsa komanso muzitha kuona tinjira tadothi tija chiswe chimamanga pokwera khoma. Mashelefu achitsulo ndiwo abwino, owotcherera zitsulo a m'tauni amapanga pa mtengo wabwino kuposa kugula kabati ya mushopu, ingowauzani kuti apente bwino kuti zisachite dzimbiri ndipo mpata wa shelefu iliyonse ukwane bokosi fayilo itaimirira, tengani imodzi akayezere pomwepo. Ngati muli ndi zamatabwa basi, pakani mankhwala a chiswe ndipo miyendo yake isakhudze khoma.

Yang'anani kumwamba. Siling'i ikakhala ndi banga lozungulira ngati mapu, pamenepo pamadontha, musaikepo kanthu mpaka malata akonzedwe, ndipo ntchito imeneyi ichitike mu September kapena October mvula isanayambe. Musasunge mafayilo pansi pa thanki ya madzi, pafupi ndi giza, kapena kukhoma lomwe kuseri kwake kuli bafa kapena toileti. Amene anali ku Blantyre, Mulanje, Phalombe kapena Chikwawa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa kuti madzi amalowa ndi m'nyumba zomwe sizinalowepo madzi chimangidwire, ndiye ngati ofesi yanu ili kumalo otsika zikalata zofunikitsitsa zikhale pa shelefu ya pamwamba, ndipo ngati nyumbayo ndi yosanja zikwere mmwamba.

Mchipinda cha mafayilo musadyeremo. Ndikudziwa kuti ndi momwe muli phee, anthu amakonda kubisalamo ndi kambale ka chipisi kapena mandasi, koma nyenyeswa zimaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo khoswe akapeza mafayilo amapanga chisa. Shuga ndi mkaka wa tiyi wa mu ofesi zisakhale kabati imodzi ndi mapepala. Chimodzimodzi mafuta a jenereta, penti, palafini, silinda ya gasi, matayala akale, zonsezi zipite kwina, chipinda cha mafayilo si store. Ma extension osanjikizana, ketulo, hita ya nthawi yozizira, ayi. Chozimira moto chikhale pakhomo chakunja osati mkati kuseri kwa makatoni, chiziyenderedwa deti yake isanathe, ndipo anthu awiri atatu adziwe kuchotsa kapini kake, si zongokongoletsa khoma. Mawindo aikeni makatani poti dzuwa limafufuta inki, koma tsiku lopanda mvula muzitsegula mphepo ilowe, chipinda chotsekedwa chaka chonse chimayamba kununkha chuku.

Zikachitika kuti mapepala anyowa, musadikire Lolemba. Chuku chimayamba pakangotha masiku awiri. Musawayanike padzuwa lamphamvu ngati chimanga, amapindika n'kuuma gwa, ndipo musakakamize kulekanitsa omwe amatana akadali chinyowere. Ayalani pa matebulo mchipinda chodutsa mphepo, yatsani fani koma isawombe pa iwo mwachindunji, pakati pa mapepala ikani mapepala oyera ouma n'kumawasintha akanyowa. Akachuluka moti simungathe kuyanika onse, akulungeni m'mapulasitiki muwaike mu dipu filiza, kuzizira kumaimitsa chuku, kenako muzitulutsa pang'onopang'ono. Zimamveka zachilendo koma ndi zomwe akatswiri osunga zakale amachita.

Chachisanu ndi chimodzi, makiyi ndi kubwereka. Apa ndipomwe dongosolo lambiri limafera, osati pa chiswe. Fayilo iliyonse yotuluka ilembedwe m'buku lina lapadera, deti, nambala ya fayilo, watenga ndani, asaine, ndipo pobweza asainenso. Pamalo pomwe fayiloyo inali ikanipo kakatoni kolembedwa dzina la wotengayo kuti wofuna aone pompo kuti ili kwa uje. Vuto limakhala mabwana. Bwana amalowa, "tandipatsani fayilo ija ya galimoto ndingoona kamodzi", inu mwaulemu mwapereka, pakatha miyezi itatu bwana yemweyo akukukalipirani kuti fayilo ili kuti pomwe ili mu buti ya galimoto yawo. Njira yake ndi yosavuta, musawauze kuti lembani, lembani nokha zonse muwapatse bolopeni, "bwana tangosainani apa kuti ndisaiwale ine". Palibe amakana ukanena kuti woiwala ndiwe. Lachisanu lililonse yendani ndi bukulo desiki ndi desiki kutolera zomwe zakhalitsa.

Makiyi akhale ndi anthu awiri, osati mmodzi komanso osati aliyense, ndipo ya sipeya ikhale mu envulopu yomata yosainidwa pomatapo, kwa mkulu wa ofesi. Mafayilo a antchito, a malipiro, makalata a kuchipatala, mafotokope a ziphaso za dziko, izi zikhale mu kabati yakeyake yokhoma. Dziko lino tsopano lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, koma ngakhale popanda lamulo, matenda a mnzanu kapena ngongole yake ya ku banki si nkhani yoti mesenjala aiwerenge podikira fotokope. Pepala lotere lisagone pa desiki usiku, ndipo poweruka yang'anani pagalasi la makina a fotokope, anthu amaiwalapo zinthu zoopsa.

Chachisanu ndi chiwiri, patulani zikalata zomwe zikatayika mungalire. Satifiketi yolembetsera kampani kapena bungwe, ya TPIN (nambala ya msonkho ya ku MRA), zikalata za malo, ma blue book a galimoto, mapepala a inshuwalansi, malaisensi, mapangano ndi madona (mabungwe opereka thandizo la ndalama) kapena ndi banki. Izi si za mu bokosi fayilo wamba, zikhale mu sefa, yosagwira moto ngati thumba likulola, chilichonse mu kapulasitiki kake. Zoyendayenda nazo zikhale mafotokope odindidwa ndi loya kapena commissioner for oaths, chenichenicho chizituluka pokhapokha pafunikadi. Ndipo musazichite lamineti, chikalata chomatidwa pulasitiki sichingadindidwenso ndipo malo ena amachikayikira. Seti imodzi ya mafotokope ikasungidwe kunja kwa ofesi, nthambi ina kapena kwa wapampando wa bodi, kuti moto ukagwira nyumba imodzi musatsale manja lende.

Kujambula mu kompyuta nakonso n'kofunika, koma musayambe ndi maloto ojambula chipinda chonse, mutopa sabata yoyamba. Yambani ndi za mu sefa zija, kenako makontrakiti, kenako chilichonse chatsopano chizijambulidwa tsiku lomwe chafika. Sikana ngati mulibe foni ikwana, Google Drive ili ndi pojambulira mapepala ndipo imapereka malo a 15 GB ulere, Adobe Scan nayonso imagwira. Dzina la chojambulidwacho lifanane ndi nambala ya fayilo ya pa shelefu, kuti wopeza chimodzi apeze chinzake. Akaunti ikhale ya ofesi, osati imelo ya munthu yemwe mawa atha kusiya ntchito mokwiya n'kupita ndi pasiwedi. Gulu la pa WhatsApp si kosungira zikalata, zithunzi zimachepa mphamvu ndipo foni ikabedwa mu minibasi zapita. Komanso kujambula sikutanthauza kuti pepala lenileni litayidwe, odita ndi khoti nthawi zambiri amafuna kuona siginecha ya inki.

Chomaliza ndi kutaya, poti simungasunge chilichonse mpaka muyaya, chipinda chidzadza. Khalani pansi ndi akauntanti ndi bwana mulembe pa pepala limodzi kuti gulu lililonse lizisungidwa zaka zingati. Malamulo a msonkho amafuna kuti mabuku ndi malisiti asungidwe kwa zaka, ife tinagwirizana zaka 7 pa chilichonse cha ndalama, ndipo ngati muli ndi madona werengani pangano lawo chifukwa amalembamo zaka zawozawo. Mafayilo a antchito musafulumire nawo, munthu amabwera patatha zaka 15 kufuna umboni wa penshoni, kapena amabwera ndi ana ake iye atamwalira. Maminitsi a bodi ndi zikalata za malo sizitayidwa n'komwe. Chilichonse chomwe chili ndi mlandu kukhoti kapena chomwe odita akuchifunsa chisakhudzidwe ngakhale zaka zake zitakwana. A m'maofesi a boma inu nkhani yanu ndi ina, mafayilo a boma sawotchedwa mwa kufuna kwa munthu, pamafunika chilolezo cha a National Archives, osunga zikalata zakale za boma, omwe likulu lawo lili ku Zomba.

Potaya lembani mndandanda wa zomwe zikutayidwa, bwana asaine, ndipo pakhale mboni. Ngati pali makina odula mapepala dulani, ngati palibe kumbani dzenje muwotche pang'onopang'ono mukutakasa ndi mtengo, chifukwa mulu wa mapepala umapsa kunja kokha, mkati mumatsala mowerengeka bwinobwino, ndipo musachokepo mpaka phulusa. Chomwe musachite ndi kupatsa mlonda kapena wokonza mu ofesi kuti "kataye uko". Mapepala amenewo ali ndi msika. Ine ndinagulapo zitumbuwa pa depoti zitakulungidwa mu pepala la malipiro a anthu a kampani ina, mayina, manambala a akaunti, ndi ngongole zomwe aliyense amadulidwa, mafuta atangofufuta mzere umodzi wokha.

Mukamaliza zonsezi yesani. Lembani mapepala atatu pa kachidutswa, mwachitsanzo bilu ya madzi ya June chaka chatha, kalata yolembera ntchito dalaivala, ndi inshuwalansi ya galimoto, mupatse mnzanu yemwe sagwira za mafayilo pamodzi ndi kiyi ndi hadikava ija, inu mukhale panja ndi foni mukuwerenga mphindi, osamuthandiza ngakhale akuitaneni. Pomwe wakakamira lembani, mukonze Lolemba, mwezi wamawa mupatse wina mapepala ena atatu.